Manambala a Dotun

Surulere, Lagos
17 Okutobala 2023

Okondedwa achemwali Morenike,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Lokoja pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma mtima uli m'mwamba.

Paja ndimagwira ntchito kwa Bwana Adigun, aja ali ndi anyamata asanu owasewerera poka pa intaneti ndi ndalama zawo. Ine sindisewera, yanga ndi kuwerengera basi. M'masewerawa mnzako akaponya ndalama, umasankha kuthawa kapena kuvomera, ndiye kuti kuponya zofanana kuti muonetsane makhadi. Katswiri akavomera kakhumi pa khadi lomaliza, amapambana kanayi kapena kasanu.

Mng'ono wathu Dotun, amene ndinamupezera malo pakati pa anyamatawa ndine ndemwe, amafika kasanu, ndipo ndinkayenda naye monyada. Koma sabata yatha ndinagawa manambala ake potengera anthu amene amasewera nawo. Achemwali, pali munthu mmodzi amene Dotun wamuvomera ka 63, n'kupambana kawiri kokha. Amavomera ali ndi makhadi oti ngakhale mwana angataye. Tsoka silisankha munthu mmodzi choncho. Akumupatsa dala ndalama za abwana kuti azigawana.

Tsiku lomwelo masana ndinamukokera kuseri kwa jenereta.

"Iwe, munthu ameneyu ndi ndani?"

"Aa, achimwene, mwayamba upolisi? Makhadi ndi mwayi."

"Mwayi ka 63? Ukundiyesa chitsiru eti?"

Iye anati, "Abwanawo sazimva zimenezi. Ingosakanizani ndi manambala a enawo."

Ndikuulula kwa inu nokha, ndinasakanizadi. Paja chibale ndi fupa, sichiwola.

Dzulo Bwana Adigun anandiitana akudya suya, nyama yootcha ija, n'kundigawirako. Akumwetulira anati, "Folarin mwana wanga, masewero onsewa ndatumizanso kwa mphunzitsi wina wa masamu ku Ibadan. Lachisanu tidzaone ngati mayankho anu akufanana." Mnyamata amene anawabera chaka chatha mpaka lero sagwira supuni ndi dzanja lamanja.

M'mawa uno ndikumukweza basi Dotun, abwana ndawanamiza kuti mwadwala. Iyeyo ndiye wakupatsani kalatayi, ndipo sanaiwerenge. Iye akudziwa zoti akubwera kudzapuma basi. Ine sindingathawe. Tikasowa tonse awiri abwana adzapita kwa Amayi ku Ilorin, poti nyumba ija amaidziwa, koma kwanuko sakudziwako. Ndikuopa, achemwali. Chibadwire sindinaopepo chonchi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Dotun musamukalipire kwambiri, mumupatse chakudya, koma foni mumulande. Amayi akafunsa za ine, muwauze kuti ndanenepa. Ndikaimba Loweruka, mudzandiseke kuti ndine wamantha, sindidzakwiya. Ndikapanda kuimba, chonde Dotun asabwere kudzandifuna.

Ndine mlongo wanu,
Folarin