Laxon Akufunidwa Lolemba

Tengwe, Karoi
9 Ogasiti 1977

Okondedwa mlongo wanga Keziya,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Lusaka, pamodzi ndi alamu anga a Simao. Kuno fodya tagulitsa, ndipo ndikadali pa ukalaliki wanga mu ofesi ya pafamu.

Nkhani ndi ya mwana wanga Laxon. Atakhoza bwino masamu, kampani ina yaikulu ya ku Salisbury inamuitana ku mafunso a ntchito yophunzira kulemba malangizo a makina otchedwa kompyuta. Ndinakondwa kopambana, pakuti anyamata a msinkhu wake akutha m'komboni muno: ena agwidwa ndi asilikali, ena akuwoloka Zambezi kukanyamula mfuti. Ndinaona kuti ntchito ya m'tauni idzamsunga.

Mukumbukira mwambo wa pafamu, kuti mwana sapempha ntchito ndi pakamwa pake. Wamkulu ndiye amakamuimika pamaso pa folomani ndi kumchitira umboni. Chotero ndinavala suti yanga yakuda, tinakwera bhazi limodzi. Laxon anandichonderera kuti ndidikire panja, koma dzina lake litaitanidwa, ndinalowa patsogolo pake.

Mzungu wofunsayo anamupatsa funso la kasanjidwe ka manambala. Mwanayo asanatsegule pakamwa, ndinaimirira, chipewa m'manja, ndi kufotokoza m'Chingelezi changa cha kumishoni kuti samwa mowa, sabwezera akulu mawu, ndiponso kuti akadzalakwa adzandiuze ine, ndidzamlanga ndekha. Mayi wolemba pamakina anabisa nkhope m'mapepala. Mzunguyo anafunsa mwaulemu kuti mwa awirife wofuna ntchito ndani.

Laxon anati motsitsa mawu, "Bambo, kuno si kwa folomani. Tulukani."

Ndinatuluka. Pobwerera, titafika pa Sinoia, Laxon anati sadzapondanso mu ofesi ya kampani imene anasekedwamo ngati khanda. Loweruka m'mawa tinapeza bulangete lake lopinda, nsapato zake zatenesi palibe.

Dzulo bwana wa famu anandiitanira ku telefoni. Akampani akuti nditatuluka ine, Laxon anayankha zowakhutiritsa, ndipo akumfuna Lolemba loyamba la mwezi wamawa kuti akaonane ndi mkulu wa makinawo. Ndinawauza kuti wapita kukazonda wodwala. Makomboni a mafamu oyandikana nafe ndawazungulira onse panjinga, koma aliyense amene ndamfunsa amangoyang'ana pansi.

Mlongo wanga, ndimamva kuti owoloka ambiri amadzera kwanuko, ndipo iye akudziwa kuti mumakhala ku Matero. Akagogoda, musamkalipire. Mumpatse chakudya, ndipo mumuuze za Lolembalo. Malaya ake oyera ndawasita ndi kuwapachika kuseri kwa chitseko.

Amayi ake akupereka moni, ngakhale ine sakundilankhula. Moni kwa a Simao ndi ana. Kwa Laxon, ngati mungamuone, munene kuti ulendo uno ine ndidzatsala ku Tengwe.

Ndine mlongo wanu,
Lemani Kachingwe