Singano Inalumpha pa 9h11

Lolemba, 8 Setembro 1986
Pilya za wailesi zinatheratu. Sabata yachiwiri osamva kulira kwa ola, ndiye wotchi ya makina oyezera chivomeziwa ndiiyerekeze ndi chiyani? Loweruka inaimanso. Ndinaitchera potengera yapamkono ya akatekisita, yomwe ija timatukwana pa misa. Mu kaderno, buku la ntchito, ndalemba "+2 segundo" monga masiku onse. Bodza lenileni. Angabwere ndani kuno ku Furancungo kudzaona?

Lachitatu, 10
Mkazi wanga Ermelinda wapita ndi mwana kuchipatala ku Tete. Pa makamiyao awiri, malole opita ku Tete, akwera yoyamba. Yanyamuka wailesi ya asilikali ikunena 8h30. Yachiwiri yatsalira minutu 20, amakweza nyemba za a Fabião, oyandikana nafe. Nawonso akwera yomweyo.
Masana mphekesera. Kamiyao imodzi yaponda bomba pamlatho, palibe wopulumuka. Iti? Palibe akudziwa. Msewu watsekedwa.
Ndamasula pepala pamakina. Singano inalumpha pa 9h11, kugunda kwa bombalo. Kukafika pamlatho paja ndi minutu 40. Yoyamba.
Ndasanza.

Lachinayi, 11
Komatu 9h11 ya wotchi ya akatekisita. Ikutsogola kapena ikutsalira, kaya. Ndinakapempha wailesi kwa asilikali, sajenti anandithamangitsa ngati galu.
A Celeste, akazi a Fabião, anabwera ndi chigumu. "Inu akapitao a chivomezi, makina anuwo akuti chiyani?" Ndinati sanalembe kanthu.

Loweruka, 13
Ndasinthanitsa atambala awiri ndi pilya zinayi zogwirapo kale ntchito. Wakuba mnyamata wa pamsikayo, koma ndinatenga. Wailesi pakhutu, maso pa wotchi. Ola la 12 likulira, yanga ili pa 11h41.
Ikutsalira ndi minutu 19. Ndadikira 13h, chimodzimodzi. 14h, chimodzimodzi. Kuwonjezera pa 9h11, ndiye kuti 9h30.
Yachiwiri.
Ndagwada pasimenti pomwepo, kulira ndi chimwemwe. Ine munthu wamkulumkulu. Mulungu andikhululukire, za a Fabião zinandifikira nditapukuta kale misozi.

Lamulungu, 14
Sindinapite kumisa. Ndafufuta mabodza onse mu kaderno, ndalemba +19 minutu ndi dzina langa pansi, Hilário. Ndi masamu chabe, kamiyao imatha kufera panjira. Ndikudziwa. Komabe ndadya lero.
Akatekisita aulula kuti ndapeza pilya. A Celeste akukwera chitunda, mwana kumbuyo, avala chitenje chakutchalitchi. Andiona kale pawindo, akumwetulira