Fuledi Waba Batire Langa

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kwa tonse kuno kwa Malemia. Tili bwino, kupatula amayi amene mwendo ukuwavutabe. Kaya inu kumigodiko?

Batire langa la m'botolo lija layamba kukhalitsa. Ndapeza kuti ufa wakuda wa m'mabatire akutha uyenera kusakanizidwa ndi makala osinja, n'kuupaka mopyapyala pa kandodo kakuda ka pakati pa batire kaja, kenako kukulunga ndi kansalu. Mukapaka wambiri umang'aluka n'kugwera m'madzi amchere a m'botolomo. Tsopano babu la tochi likuyaka ola lathunthu osazima.

Koma Fuledi wa amalume anatenga botolo limodzi n'kukaonetsa aphunzitsi a sayansi ngati lake. Kalasi yonse inamuombera m'manja ine ndili pomwepo. Ndiye aphunzitsiwo amuuza kuti Lachisanu apange lina pamaso pa makolo. Dzulo anabwera akumwetulira: "Msuweni, paja ufawu umapaka bwanji?" Ndinamuyankha kuti, "Unjika wambiri, ngati ukumata nyumba." Anathokoza kwambiri.

Lachisanulo ndikakhala kutsogolo penipeni, langa nditalibisa pansi pa benchi.

Chonde munditumizireko waya wa kopa, ndipo mukamalembera amalume musatchule za nkhaniyi. Mulungu akusungeni pansi pa nthakapo.

Ndine mng'ono wanu,
Laisoni