Batani la muvi wotsikira pansi

Lachinayi madzulo, ku Nsungwi. Tsiku lafumbi, ndipo pakhomo pano sipanafike munthu.

Magetsi atayakanso, laputopu yanga yakale inali itaiwala tsiku. Inaima patsamba labuluu la BIOS, losinthira tsiku ndi nthawi, kudikira kuti ndiikonzere. Pamenepo mausi sagwira ntchito, ndipo batani la muvi wotsikira pansi, lofikira pamzere wa tsiku, linafa kalekale. Nditapita nayo kumsika tsiku lina, wokonza mafoni anandiseka. "Madala, imeneyi ndi yakumanda, ingoitayani!" Sindingaitaye, pakuti m'menemo muli kanema wa malemu mkazi wanga akutsogolera kwaya.

Amene ankadziwa njira yodutsira tsambalo ndi mwana wanga Tadala, koma sitinalankhulane chigulitsireni makina osokera a amayi ake osandifunsa. Ndinaika foni patebulo, mawu nditawakonza kale: ndimufunsa za laputopu yokha, za kukhululuka ayi.

Ndisanamuimbire, ndinayesa mabatani limodzilimodzi kuyambira kumanzere. La Tab linasuntha mzere. Ndinakonza tsiku, n'kudina F10 kuti isunge, ndipo mawu a mkazi wanga anamvekanso m'nyumba muno.

Ndathana nalo ndekha vutolo. Foni ndaibwezera m'thumba la jekete, popeza chifukwa chomuimbira Tadala chatha. Mwina batani lina likadzafa...