Tili mu Mzinda Uti?

Lachisanu, 1 Epulo 2005
Kuyambira lero Uzuhara kulibe. Mzinda wathu wamezedwa ndi Nagamine, eni ake akuti kuphatikiza. Ndinatuluka kukaona. Mlatho ulipo, sitolo ya tofu, chakudya cha soya chija, ilipo. Kukhonsolo atsitsa chikwangwani, pakhoma patsala zipsera za zilembo. Zaka 74 m'nyumba yomweyi, lero akuti ndine wa kwina. Bondo likuwawa.

Lachiwiri, 5 Epulo
Kuchipatala, za bondo. Anandiperekeza Fumie, mkazi wa mwana wanga Noriaki. Atatha za bondo, dokotala anayamba mafunso: zaka zanga, tsiku, tili mu mzinda uti. Ndinati Uzuhara. Analemba kanthu. Ndinati pepani, Nagamine, koma anali atalemba kale. Fumie maso pansi. Anamutuma ndani mafunso amenewo? Ine ndinapitira bondo.

Lachitatu, 6 Epulo
Noriaki pobwera kuntchito, jekete osavula: “Bambo, makiyi a galimoto mundisungitse, kwa kanthawi chabe.” Akuti ndinasiya ketulo pamoto mpaka madzi kuphwa. Zoona. Ndani sanasiyepo? Pansi pa nyuzipepala ndapeza kabuku ka nyumba yosungirako okalamba, ngodya ya tsamba limodzi yopindidwa. Kwa dokotala tibwereranso pa 19.

Loweruka, 9 Epulo
Kukameta kwa Tokuji. Nditamuuza za kuchipatala ndi za kabuku kaja, wandiseka mpaka kuyika lumo pansi. “Iwe Shige, akakutenga anditenge nanenso. Dzulo ndang'amba maenvulopu atatu, dzanja likungolemba Uzuhara.” Mtima unakhala m'malo.
Pobwerera ndinakwera basi yolembedwa Honmachi, kwathu. Inakandisiya ku Honmachi wina, wa ku Nagamine, pafupi ndi doko. Tsopano alipo awiri. Dalaivala anati, “Agogo, ndinu achisanu lero.” Ndiye kuti si ine ndekha. Kapena amangonditonthoza? Kunyumba ndanena kuti kwa Tokuji kunali mzere.

Lachinayi, 14 Epulo
Ndatulutsa zinyalala m'mawa, a Hirata apakhomo loyandikana andibwezera thumba. Ati ndi mawa. Fumie akuti tsiku lasintha chifukwa cha khonsolo yatsopano. Noriaki akuti lakhala Lachisanu kuyambira kale. Anakangana motsitsa mawu, atandiona anasiya. Wolondola ndani? Ndayang'ana pakalendala yakale, sindinalembepo kanthu.
M'bafa ndikuloweza: Nagamine, Nagamine. Ngati mwana wasukulu.

Lachiwiri, 19 Epulo
Ndakhoza! Zaka, tsiku, mzinda, ngakhale kuwerenga manambala chobwerera m'mbuyo. Dokotala wati tidzaonane pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Noriaki wandibwezera makiyi ndi manja awiri: “Mutikhululukire, Bambo, tinachita mantha.” Kabuku kaja sindikukaonanso. Tinadya mkunga wootcha. Fumie analira pang'ono, ati ndi utsi.

Lachitatu, 20 Epulo
M'mawa ndalowa kukhitchini, ndapeza mayi wina akudula ndiwo, nsana kwa ine. Waukhondo, wodziwa pamene timasunga mipeni. Ndinawerama, ndinamufunsa ngati watumidwa ndi khonsolo yatsopano. Anatembenuka, anaseka: “Bambo, nthabwala m'mawa muno?” Nanenso ndinaseka, ndinakhala pansi, anandipatsa tiyi. Dzina lake labwera tiyi atazizira kale. Fumie.
Mabasi asintha, masiku asintha. Koma ichi sindikupeza woti ndimuloze chala.
Fumie anasiya kuseka msanga kuposa ine.