Ndowe za Canela

Lolemba, 11 Malichi

Bambo abwera ku labu m'mawa, chipewa chili m'manja, matope mpaka m'mawondo. Abweretsa ndowe za Canela m'kajumbo. Mwezi wathunthu ndakhala ndikuwapempha. Canela ndi ng'ombe imene mayi anasiya, ndipo chimwalirireni iwo, bambo amaikama okha, safuna munthu wina aigwire. Yaonda, nthiti zikuchita kuwerengeka, pansi pa chibwano patupa. Mkulu wanga Maximina ndi amuna ake akuti igulitsidwe kwa opha nyama isanafe yokha. Bambo akamva zimenezo amangodzuka n'kupita kukhola.

Anakana kukhala pansi. Akuti fungo la mankhwala athu limawapweteketsa mutu, munthu amene amagona moyandikana ndi khola.

Lachiwiri, 12 Malichi

Ndayeza njira zonse ziwiri. Poyamba m'madzi a mchere, kuti mazira a njoka za m'matumbo ayandame n'kumatirira pa kagalasi. Ndapeza awiri atatu, osadetsa nkhawa. Kenako ya alikuya, tizilombo ta m'chiwindi tija. Mazira ake ndi olemera, sayandama, ndiye umasungunula ndowe m'madzi wamba, kusefa, kudikira zidikhe, kutaya madzi apamwamba, kuthiranso ena, mpaka atayera. Dontho la buluu pa zotsalira pansizo. Udzu wonse umasanduka wabuluu, mazira okha amatsala achikasu.

Palibe ngakhale limodzi. Ndabwerezanso, palibe.

Ndinayenera kusangalala koma mtima ukukana. Chibwano chotere ndachiona pa ng'ombe zambiri za m'chigwa muno, ndipo sichinama.

Lachitatu, 13 Malichi

Ndawaimbira bambo kuti sindinapeze kanthu. Angoti, "Uwauze achemwali akowo." Basi, n'kudula.

Lachinayi, 14 Malichi

Potsuka ziwiya ndapeza sefa ya Lachiwiri ija, ndinaiiwala m'beseni. Muli makoko a madeya a tirigu. Ndinaima pamenepo madzi akungotayika. Canela siidya madeya, imadya kudambo, kumene mayi ankaimangirira. Madeya bambo amapatsa Moro yekha, ng'ombe yolimira, imene imakhala kumtunda kouma kopanda nkhono zofalitsa alikuya. Komanso mkulu wanga M. anandiuza kuti Canela ikutsekula m'mimba, pamene ndowe zija zinali zolimba bwinobwino. Maso anga anali kuti?

Dokotala Cabanillas, abwana athu, anaseka nditawafotokozera. Akuti alimi akuno ndi otero, ukawatuma ndowe amasankha za ng'ombe yonenepa ngati akupita nazo ku chionetsero. Ine sindinaseke. Ndapsa mtima kwambiri, moti nkhomaliro yandikanika. Bambo anga enieni kundiphimba m'maso, n'kundisandutsa mboni yawo.

Loweruka, 16 Malichi

Ndinakwera minibasi yoyamba, magolovesi aatali ali m'chikwama. Njira yonse ndimakonza mawu owalasa nawo. Ndinawapeza kudambo atagwada, akupukuta Canela m'maso ndi nsonga ya poncho yawo, chofunda chaubweya chovala paphewa, akuiyankhula motsitsa mmene ankayankhulira ndi mayi kuchipatala. Mawu anga onse anathawa.

Ndinangofunsa kuti ndowe zija zinali za ndani. Sanakane.

"Ukanapeza kanthu, alamu ako akanabwera ndi chingwe tsiku lomwelo," anatero. "Nyumba ino zatsala za amayi ako ndi ziti? Zovala munagawana. Mbira munadya pamaliro."

"Bambo, ndikanapeza kanthu ndikanabwera ndi mankhwala, osati chingwe."

Akuti mankhwala anaimwetsa kale katatu, ogula kumsika, a botolo loyera aja aliyense amagula. Sanandiuze poti mankhwalawo sanagwire ntchito, ndipo anaona ngati akandiuza ndiye kuti avomera kuti yatha.

Ndinavala golovesi n'kutenga ndowe m'kati mwenimweni mwa Canela, iwo ataigwira mutu. Ng'ombe sinalimbane n'komwe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa chibwano.

Lamulungu, 17 Malichi

Kumisa. Popempherera omwalira wansembe anatchula dzina la mayi molakwika. M. anandigwira dzanja. Za madeya sindinamuuze.

Lolemba, 18 Malichi

Sindinafunike kufufuza. Kungoika diso pa makina okulitsira tinthu, chikasu chokhachokha, mazira ali mbwee pakati pa buluu. Zaka zonsezi sindinaonepo ochuluka chotere. Chodabwitsa n'chakuti amaoneka okongola. Ndinasiya kuwerenga, ndinatuluka panja kukapuma mpweya.

Dr. C. akuti mankhwala a botolo loyera aja alikuya a kuno anawazolowera kalekale. Andipatsa ena obaya. Koma ataona chithunzi cha Canela pafoni anati ndisawalonjeze bambo chilichonse, chiwindi chikhoza kukhala chitatha kale.

Madzulo ndinakaibaya. Bambo anafunsa ngati sabata imene inatayika ija ndi imene idzaiphe. Ndinati sindikudziwa, ndipo n'zoona sindikudziwa.

Lachitatu, 20 Malichi

M. waimba. Akuti Canela siikudzuka. Bambo aifunditsa bulangete la pabedi pawo, akuimwetsa madzi ndi botolo. Alamu atchulanso za opha nyama, M. wawauza kuti atseke pakamwa, nyama yobayidwa mankhwala sidyedwa. Kwa nthawi yoyamba ndamuthokoza chifukwa cha lilime lakelo.

Lachisanu, 22 Malichi

Canela yafa m'mawa, nthawi yokama.

Loweruka, 23 Malichi

Taikwirira kumtunda. Ndisanatero ndinapempha kuti nditsegule chiwindi. Ndimayembekeza kuti bambo akana, koma anandipatsa mpeni wawo. Chinali cholimba, mitsempha yake yoyera ngati mapaipi, mpeni ukuchita kulira. Nditafinya, alikuya anatuluka ali amoyo, aphanthiphanthi ngati timasamba. Bambo anatola kamodzi n'kukaika pachikhatho, kukayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa ngati timeneti timachokeradi kudambo. Ndinati inde, ku nkhono za m'ngalande. Anayang'ana kumusi kumene ng'ombe zinazo zimadya.

Sindinalire pamaliro a mayi, ndinali wotanganidwa ndi kuphikira anthu. Lero ndalirira ng'ombe, mpaka M. anachita kundichotsa padzenje.

Lolemba, 25 Malichi

Ndafika ku labu n'kupeza bambo atakhala pakhonde, chitseko chisanatsegulidwe. Pamiyendo pawo chidebe cha mkaka, m'kati mwake majumbo asanu ndi limodzi, lililonse lomangidwa ndi ulusi waubweya wa mtundu wakewake. Wofiira Pinta, wobiriwira Moro, anandiwerengera onse kawiri kuti ndisasokoneze. Dzanja la malaya lakumanja linali lopindidwa mpaka paphewa.

"Ndatenga m'kati, mmene unachitira iwe," anatero. "Iliyonse zakezake."

Ndinati zotsatira zituluka mawa, akhoza kupita, mkaka wamadzulo ungawachedwere. Anati Maximina akama. Analowa, n'kuvula chipewa, n'kukhala pa mpando wa pafupi ndi sinki.

"Yamba ndi wofiirawo. Ndi mwana wa Canela."