Madzi a pachitsime cha bambo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi kamwana kathu. Nanga mwendo wa amayi uja ukuti bwanji? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Foni yanu ndaimba mpaka kutopa, siikulowa, n'chifukwa chake kalatayi ndapatsira alamu, amuna anu, pamene akubwerera ndi lole yawo. Muiwerenge mpaka kumapeto, musadumphedumphe monga mwa chizolowezi chanu.

Kuntchito kuno, ku labu yoyeza madzi, makina athu akale anafa. Dzina lake ndi sipekitirofotomita, koma musadzivute kulitchula mungadzilume lilime, ife timangoti sipeki. Timathira mankhwala m'kabotolo ka madzi, madziwo amasintha mtundu, ndiye makinawo amaunika m'kabotolomo n'kutiuza kuchuluka kwa zinthu zimene maso sangaone. Abwana anati ndisankhe ndine makina atsopano, poti ndine ndimakhala nawo tsiku lonse. Ndinadzimva ndithu, mpaka kayendedwe kanasintha.

Ogulitsa anabwera awiri. Wina, bambo wa tayi wolankhula ngati wailesi, anabweretsa chimakina chodzaza tebulo, chotha kuyeza zambiri koma chodana ndi fumbi ndiponso chosafuna kusunthidwa. Winayo, mayi wofatsa, anabweretsa kakang'ono koyendera batire, konyamula m'chikwama. Ine mtima unali utapita kale pa chachikulucho. Kakang'onoko ndinkangokaona ngati chidole.

Tsono alamu pobwera ananditengera chigubu cha madzi a pachitsime chathu, amayi atatumiza poti amati a m'tauni amanunkha mankhwala. Ndinapita nacho kuntchito kuti ndizimwa. Makina aja tinawayesa ndi madzi amene timawadziwa kale mmene alili, ndipo onse awiri anakhoza. Kenako ine, mwa matama chabe, ndinati tiyeseko a kwathu kuti anzanga aone madzi enieni.

Achemwali, nditangothira mankhwala madzi aja anafiira psuu, ndikuona ndi maso angawa. Ndinayamba ndi kakang'ono kaja, ndipo nambala imene kanatulutsa inali yokwera moopsa. Ndinauza mayi uja pamaso pa anthu kuti kachidole kake n'konama. Iye sanakwiye, anangoti nditsuke kabotolo ndibwereze. Ndinatsuka, ndinabwereza, nambala yomweyo. Ndinathamangira ku chachikulu chija kuti chindiikire kumbuyo, nachonso chinanena zomwezo. 

Abwana anafunsa kuti madziwa ndi a kuti. Nditawayankha, anafunsa ngati pafupi ndi chitsimecho pali khola kapena chimbudzi. Nthawi yomweyo maganizo anandifikitsa pa khola la bambo kumtunda kuja, ndi chimbudzi chatsopano chija chili cha pompo. Kenako anafunsa ngati pakhomopo pali khanda. Ndinangokhala pansi pa simenti anthu onse akuona.

Chimene chapezeka ndi mchere wina wotchedwa naitireti. Umachokera ku ndowe, zimbudzi ndi feteleza, n'kulowa pansi ndi madzi a mvula. Sununkha, sumveka pakamwa, madzi amangooneka mbee. Akuluakulufe sitimva kanthu msanga, koma khanda umalilepheretsa magazi kunyamula mpweya. Apo ndinakumbuka zimene munandiuza, kuti chiyambireni kumwa mkaka wa m'chitini mwanayo milomo imada akamalira, amayi n'kumati ndi kuzizira. 

Ndikudziwa muyankha kuti madzi a mwana mumaphitsa. Apa ndi pamene pandiopsa kwambiri. Kuphitsa kumapha tizilombo, koma mcherewu suthawa moto. Madzi akamaphwa pamoto mcherewo umatsalira, ndiye mukamaphitsa kwambiri m'pamene ukuchulukira. Chikondi chanu chonse chodzukira kukoleza moto chija, taonani kumene chimathera.

Pempho langa ndi limodzi: mwana asalawenso madzi a pachitsimepo, ophitsa kapena osaphitsa. Alamu ndawakwezera zigubu za madzi amene ndayeza ndekha. Amenewo ndi amene muziphitsa n'kusungunulira mkaka, amayi adandaule za fungo mmene angathere. Ndipo musagonetse, mupite naye kuchipatala mukawauze za milomoyo ndi dzina la mcherewu. Likakuvutani kutchula, mukangowaonetsa kalatayi.

Za makina zija, ndasankha kakang'ono. Anzanga andiseka kuti dzana lomweli ndinkakanyoza, ndipo mayi uja ndamupepesa manyazi atandigwira. Chachikulu chija n'chabwino, sindikana, koma sichingakwere basi. Abwana avomera, ndipo andilola kuti kakangofika ndibwere nako kumeneko ndidzayeze zitsime zonse za kumunsi kwathu, poti nakonso kuli makanda.

Bambo musalimbane nawo, ndidzakamba nawo ndekha. Chitsimecho anakumba ndi manja awo, ndipo mlendo aliyense amamumwetsa monyadira, ndiye nkhaniyi iwapweteka. Koma akaumirira kuti anthu amwa madziwo zaka zonsezi osafa, inu musagonje, ngakhale akukalipireni.

Moni kwa amayi ndi bambo, kwa azakhali, ndiponso kwa achimwene ndi banja lawo lonse. Mwanayo mundipsompsonere pachipumi. Zondiyankha zisiyeni kaye. Ikani kalatayi pansi, mukataye madzi amene ali m'fulasiki yake.

Ine mng'ono wanu,
Kafunsefunse